Ululu wa molumikizana mafupa kwa wodwala matenda a Hashimoto: yankho kwa mayi amene anandilembera

Mayi wina wa zaka za m'ma 40 anditumizira kalata pa imelo. Akuti madokotala anawapeza ndi matenda a chithokomiro otchedwa Hashimoto, ndipo akhala akumwa levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, kwa nthawi yoposa chaka. Kutopa ndi kuzizidwa kunachepako, koma mawondo, mapewa ndi zala zikuwawabe, makamaka m'mawa. Akapita kuchipatala amauzidwa kuti magazi ali bwino, n'kupatsidwa Panado. Akufunsa ngati ululuwu ukuchokeradi ku chithokomiro, ndiponso chimene angachite kuti azitha kugwira ntchito zawo.

Mayi, ululu wanuwo ndi weniweni, ndipo kuona kuti zotsatira za magazi zili bwino sikukutanthauza kuti nkhani yatha. Matendawa, amene dokotala wa ku Japan Hakaru Hashimoto anawafotokoza koyamba mu 1912, amayamba pamene chitetezo cha m'thupi chayamba kuwononga chithokomiro, mpaka chimalephera kutulutsa mahomoni okwanira. Mahomoniwa akachepa, minofu imafooka ndi kuuma, m'mawondo mumatha kudzaza madzi, ndipo minyewa ya pamkono imatha kupanikizika moti zala zimachita dzanzi usiku. Phewa louma, limene limakanika kukwera ngakhale pofuna kupesa tsitsi, limapezekanso kawirikawiri mwa anthu a vuto la chithokomiro. Choncho n'zotheka ndithu kuti gwero ndi lomwelo. Koma ululu wotere nthawi zambiri umachepa mlingo wa mankhwala ukakhala woyenera kwa miyezi ingapo, ndipo ukapitirira chaka chathunthu pamafunika kufufuza zinthu ziwiri: ngati mankhwalawo akulowadi m'thupi mokwanira, komanso ngati palibe matenda ena amene abisala kumbuyo kwa dzina la Hashimoto.

Ndiyambe ndi kamwedwe, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amataya mphamvu ya mankhwala osadziwa. Levothyroxine amafuna m'mimba mopanda kanthu, amezedwe ndi madzi okha, ndipo papite mphindi 30 mpaka 60 musanadye kapena kumwa tiyi ndi khofi. Mapiritsi owonjezera magazi okhala ndi ayironi, mapiritsi a kashiamu, ndiponso mankhwala a kutentha pamtima monga magnesium trisilicate, amagwira levothyroxine m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi, choncho pakati pawo payenera kupita maola anayi. Soya nayenso amachepetsa kalowedwe kake. Sindikunena kuti musiye phala la Likuni kapena ndiwo za soya, koma musazidye nthawi yomweyo imene mwamwa piritsi. Munthu amene wayamba mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, kapena mayi amene waima, nthawi zambiri amafunika mlingo wokwererapo, ndipo dokotala ayenera kudziwitsidwa msanga.

Mukapitanso kuchipatala, musakhutire ndi mawu akuti zili bwino. Pemphani kuti nambala za mahomoni zoonetsa ngati mlingo wa mankhwala ukukwanira, ya TSH, ndi ya free T4 ngati anayeza, zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake, kuti aliyense wokuonani azitha kufananiza ndi za m'mbuyo. Mlingo ukasinthidwa, magazi amayezedwanso pakapita masabata 6 mpaka 8, chifukwa mankhwalawa amachedwa kukhazikika m'thupi. Ndikuchondererani kuti musadziwonjezere mapiritsi nokha poganiza kuti ululu utha msanga. Levothyroxine wochuluka amafooketsa mafupa ndipo amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, zimene zili zoopsa kwambiri kwa amayi amene akuyandikira kusiya kusamba.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mawu akuti zala zimawawa m'mawa. Munthu amene chitetezo chake chinaukira chiwalo chimodzi amakhala pachiopsezo chokulirapo choti chiukirenso china, ndipo nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, ndi imodzi mwa matenda amene amayendera limodzi ndi Hashimoto, pamodzi ndi lupus (amene amakhudza khungu ndi mfundo), Sjögren (oumitsa maso ndi m'kamwa) ndi coeliac (matenda a m'matumbo amene amautsidwa ndi tirigu). Dziyang'aneni bwino kwa masabata awiri kapena atatu. Ngati mfundo za zala ndi za pamkono zikutupa mooneka, manja onse awiri mofanana, ndipo kuumako kumatenga theka la ola kapena ola lathunthu musanathe kufumbata bwino, chimenecho sichiyenera kukankhiridwa ku chithokomiro. Onaninso ngati maso ndi m'kamwa mumauma, ngati mumatuluka zilonda m'kamwa, kapena ngati khungu la kumaso limachita zidzolo mukakhala padzuwa. Zimenezi mukazinene momveka bwino, ndipo mupemphe kuyezedwa ESR kapena CRP, zimene zimaonetsa kutupa m'thupi, komanso rheumatoid factor ndi anti-CCP, zimene zimathandiza kuzindikira nyamakazi ija. Ngati chipatala chanu sichingathe, pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena cha Zomba ndi cha Mzuzu. Ndikulimbikira pa zimenezi chifukwa nyamakazi ya mtunduwu ili ndi mankhwala ake, monga methotrexate, amene amateteza mfundo kuti zisapindike ngati ayambidwa msanga, pamene Panado amangoziziritsa ululu matendawo akupitiriza kudya fupa.

Palinso zifukwa zina zosavuta kuziiwala. Kuchepa kwa vitamini D kumawawitsa mafupa ndi minofu, kuchepa kwa vitamini B12 kumabweretsa dzanzi ndi kufooka, ndipo mankhwala otsitsa mafuta m'magazi a gulu la statin amatha kuwawitsa minofu, makamaka mwa munthu amene chithokomiro chake sichinakhazikike. Mawondo a munthu wa msinkhu wanu amathanso kungokhala kuti akuperepeseka, makamaka ngati thupi linanenepa panthawi imene matendawa anali asanadziwike.

Tsopano za tsiku ndi tsiku. Mfundo yowawa imakopa munthu kuti aisiye osaigwedeza, koma ikakhala chete imaumiratu ndipo minofu yoizungulira imafota. Yendani pang'onopang'ono pamalo osalala, mwina mphindi 10 poyamba, n'kumawonjezera sabata ndi sabata malinga ndi mmene thupi likulolera. M'mawa viikani manja m'madzi ofunda, kenaka tambasulani ndi kupinda zala modekha musanagwire tsache kapena mpeni. Pa bondo, kukhala pampando n'kuwongola mwendo, kuugwira choncho kwa kanthawi, n'kuutsitsa, kumalimbitsa minofu ya ntchafu imene imanyamula katundu wa bondolo. Ululu ukakula kwambiri n'kukhala mpaka mawa lake, ndiye kuti munapitirira muyeso, ndipo muchepetse osati kusiyiratu. A mafizo m'zipatala angakuphunzitseni zoyenera phewa lanu, ndipo ndi bwino kupempha kuti akutumizeni kwa iwo m'malo modikira kuti wina akumbukire.

Ntchito zapakhomo nazo zifunika kuzikonza mwatsopano. Kuchapa mutawerama, kukolopa mutagwada, kufinya zovala zolemera ndi kusenza ndowa yodzaza zimapweteka malo omwewo amene akudwala. Ikani beseni pamalo okwera, khalani pampando pophika, gawani madzi m'zotengera zing'onozing'ono, ndipo ntchito zolemera musaziunjike tsiku limodzi loti mwadzuka bwino, popeza mawa lake mumalipira. A m'banja mwanu afotokozereni poyera, chifukwa matenda osaoneka ndi maso amachititsa anthu kuganiza kuti ndi ulesi, ndipo mayi wodwala amapitiriza kudzikakamiza poopa kunenedwa.

Pa mankhwala oletsa ululu, paracetamol, amene ambiri timamutcha Panado, ndi amene ali wofatsa, bola munthu wamkulu asapitirire magalamu anayi pa tsiku. Brufen, diclofenac ndi indocid amathandiza pa kutupa, koma akamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi amaboola zilonda m'mimba, amawononga impso ndipo amakweza BP, choncho si oyenera kumangogula m'golosale popanda wokuyang'anirani. Mankhwala opaka a diclofenac pa bondo kapena pa zala salowa kwambiri m'magazi ngati mapiritsi. Chenjerani kwambiri ndi prednisolone wogula nokha, amene amachotsa ululu mofulumira koma amafooketsa mafupa ndi kukweza shuga, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Kutema mphini pa bondo lotupa kumatsegulira majeremusi njira, ndipo ndikukupemphani kuti musalole.

Mudzamvanso ambiri pa intaneti akunena kuti siyani tirigu, kapena gulani mapiritsi a ayodini ndi a ndere za m'nyanja. Kusiya tirigu n'kofunika kwa amene wapezeka ndi coeliac, ndipo munthu ayenera kuyezedwa asanasiye, apo ayi zotsatira zimanama. Ayodini wochuluka amatha kukulitsa matenda a Hashimoto, choncho mchere wa ayodini wa m'sitolo wothira mwachizolowezi ndi wokwanira. Mapiritsi okometsera tsitsi okhala ndi biotin amasokoneza zotsatira za magazi a chithokomiro, ndipo ayenera kusiyidwa masiku osachepera awiri musanayezedwe.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichidikira tsiku la kiliniki. Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, kukanika kupindika, thupi lonse likutenthanso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa majeremusi akalowa mu mfundo amatha kuiwononga m'masiku ochepa. Bondo, chiuno kapena msana umene ukuwawa mowonjezereka kwa miyezi, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, uyenera kufufuzidwa ngati si TB ya m'mafupa, imene kuno kwathu siisowa.