Kodi bambo anamwalira chifukwa tinkapemphera pang'ono?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Bambo awo anamwalira ndi Covid-19 mu Januwale 2021, pamene wodwala wa aneba awo, amene ankasala kudya n'kuchezera kupemphera, anachira. Mpaka lero achemwali awo amati banjalo linali lofooka m'chikhulupiriro. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, pepani ndithu. Yankho langa ndi ayi. Kumbukirani mmene mwezi umenewo unalili. Pa 12 Januwale tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Zipatala zinadzaza mpaka boma linasandutsa Bingu National Stadium ndi nyumba ya boma ya kwanu ku Zomba komweko kukhala malo ogonekapo odwala. Mpweya wa okisijeni unkasowa, ndipo katemera anadzafika mu Malichi. Anamwalira abusa, ansembe, mashehe, anthu amene maondo awo anachita zikang'a ndi kugwada. Matendawa ankasakaza mapapo, makamaka a okalamba ndi a odwala shuga kapena BP. Sankafunsa kuti wasala masiku angati.

Komatu sindikunena kuti pemphero linali lopanda ntchito. Kwathu anadwala ndi amalume. Kuchipatala sankalola kukawaona, ndipo chinkatipweteka kwambiri n'chimenecho, ife amene tinazolowera kunyamula phala m'fulasiki n'kukagona pakhonde la wodi. Mayi anga ndiwo analamula kuti 8 koloko usiku uliwonse tonse tizikumana pa WhatsApp. Amene ali ku Johannesburg, amene ali ku Mzuzu, onse. Tinkayamba ndi nyimbo (mawu ake osagwirizana, netiweki ikuduladula), kenako pemphero lalifupi. Tikangoti ameni, mayi ankatembenuka n'kukhala kapitawo. Wapereka ndani ndalama ya mayunitsi? Mawa aimbira namwino ndani? Azakhali adya? Ana atenga ndani, poti sukulu n'zotseka?

Ine ndimakhulupirira kuti mtima wathu unalimba chifukwa cha zonse ziwirizo pamodzi. Pemphero linkatikhazika pansi kuti tiziganiza bwino, ndipo aliyense ankagona akudziwa ntchito yake ya mawa. Mantha amakula munthu ukangokhala manja lende. Mayi ankatikumbutsanso kuti banja lomweli linadutsa m'njala ya 2002 ndiponso m'zaka zimene Edzi inkatitengera abale motsatizana, ARV asanabwere. Mawu amenewo ankatigwira kuposa ulaliki.

Amalume anamwalirabe. Tinawaika anthu ochepa, osagona pasiwa, osasambitsa thupi monga mwa mwambo. Palibe amene analoza mnzake chala, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa choti tonse tinaona zimene aliyense anachita.

Za achemwali anuwo, ndikukayika ngati vuto lawo ndi chiphunzitso. Anthu ambiri amene sanatsanzike makolo awo bwinobwino amasaka wolakwa, ena amadziimba mlandu okha mobisa. Musakangane nawo za mavesi. Ngati chiliza simunamange, kapena munamanga mwakachetechete, itanani abale, aphike nsima, abusa abwere, anthu alire maliro amene analetsedwa kulira. Musanatero, aimbireni foni achemwaliwo muwafunse kuti tsiku limene bambo ankapita kuchipatala iwo anali kuti, nanga anamva bwanji. Mwina palibe anawafunsapo.