Mafunso Anu: Bwanji panorama yanga ikuoneka zigamba?

Funso: Akulu, ndithandizeni. Ndimakonda kujambula mapiri ndi nyanja, ndiye ndimatola zithunzi 5 kapena 6 motsatizana kenako nkuzilumikiza pa kompyuta kuti chikhale chimodzi chachitali. Koma chikatuluka thambo limaoneka kwina kowala kwina koderapo ngati nsalu ya zigamba, ndipo tsiku lina munthu mmodzi anaoneka kawiri, wina anatsala wopanda mutu. Kodi pulogalamu yangayi ndiyabodza, ndigule ina? Ndine wowerenga wanu wamasiku onse.

Yankho: M'bale wanga, ndalamazo sungani kaye. Sindikukana kuti mapulogalamu amasiyana, koma zimene mwafotokozazi zambiri zimayambira pojambula pomwe, kompyuta imangolandira mlandu.

Pulogalamu ya panorama imagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndikusaka timalo tofanana pa zithunzi ziwiri, kaya nsonga ya mwala kaya kona ya windo, nkupinda zithunzizo mpaka timaloto tikumane. Njira yotchuka yosakira timaloti ndi SIFT ya David Lowe ya mu 1999, ndipo iyeyo ndi Matthew Brown ndi amene anapanga pulogalamu yolumikiza zithunzi yotchedwa AutoStitch. Ntchito yachiwiri ndiyo ikukuvutani inuyo, kusita msoko kuti usaoneke, imene amaitcha blending. Njira yachidule imangozimiritsa chithunzi china pang'onopang'ono china chikubwera, koma vuto lake mukazimiritsa pamalo aakulu zinthu zimachita mbuu kapena kuoneka ziwiriziwiri, mukachepetsa malowo msoko uja ndi uwo waonekera. Mu 1983 Peter Burt ndi Edward Adelson anabwera ndi nzeru yoti kuwala ndi mitundu, ngati ya thambo, zizisakanizidwa pamalo otambalala, koma tinthu ting'onoting'ono ngati masamba ndi mawaya tizisakanizidwa pakampata kochepa zedi. Imeneyi ndiyo multi-band blending, ndipo Enblend, kapulogalamu komwe kamabwera limodzi ndi pulogalamu ya panorama yotchedwa Hugin, imachita zimenezi, komanso imakhotetsa msoko kuti uzembe malo amene zithunzi sizikugwirizana. Hugin ndi yaulere, ndiye musanaganize zolipira pulogalamu yogula ngati PTGui yesani imeneyo.

Komabe telala ngakhale wodziwa bwanji, nsalu ikadulidwa mokhota simbi singaiwongole.

Zigamba za kuthambozo zikubwera chifukwa kamera ili pa auto, mukaloza kudzuwa imachepetsa kuwala, mukaloza kumthunzi imawonjezera, ndiye chithunzi chilichonse chikutuluka ndi thambo lakelake. Ikani pa manual, yezani kuwala pamalo owalirapo koma osati padzuwa penipeni, nkujambula zonse ndi shutter, aperture ndi ISO zomwezo, poti zitatuzi ndizo zimalamulira kuwala kwa chithunzi. White balance, yomwe imakonza kaonekedwe ka mitundu, nayo ichotseni pa auto, fokasi chimodzimodzi. Pa iPhone mukadina sikirini nkugwirabe pamatuluka AE/AF Lock, kutanthauza kuti kuwala ndi fokasi sizisinthanso. Ngati kutsogolo kwa lenzi kuli polarizer, galasi lochepetsa kunyezimira, ichotseni, pa panorama imeneyo ndi mdani, imadetsa thambo mbali imodzi yokha. Palinso vignetting, lenzi kudetsa m'makona, zimene pachithunzi chimodzi simungazizindikire nkomwe koma mukalumikiza 6 zimakhala mizere yakuda yobwerezabwereza. Kujambula ndi aperture ya f/8 kumachepetsa vutoli, ndipo Hugin imatha kuwerengera yokha nkukonza.

Chithunzi chilichonse chizilowa mwa chinzake pafupifupi 30 peresenti. Ambiri amaumira apa kuti zithunzi zichepe, kenako pulogalamu imasowa malo ositira.

Tsopano nayi imene palibe pulogalamu ingaichize bwinobwino, parallax. Imikani chala patsogolo panu, tsinzinani diso lina kenako linalo, muona chala chikudumpha pamene zakutali zili chiimire. Kamera nayo ikasuntha malo pakati pa zithunzi ziwiri, mpanda wapafupi ndi phiri lakutali sizingagwirizanenso, pulogalamu ikalumikiza phiri mpanda umaduka, ikalumikiza mpanda phiri limaduka. Ife ambiri timatambasula manja nkumazungulira thupi lonse, kumeneko ndiye kulakwitsa. Kamera ikhale malo amodzi, izitembenukira pa lenzi pakepo, inuyo ndi amene muzizungulira kuseri kwake. Ngati zonse zili kutali ngati mapiri anuwo, pamanja zimatheka ndithu. Koma m'chipinda kapena pamene pali mtengo pafupi, tripod yokhala ndi mutu wa panorama ndiyofunika.

Za munthu wopanda mutu uja, kkkk, anayenda inu mukutembenuka basi. Mu Hugin muli gawo la masks, mumazunguliza munthuyo pachithunzi chimodzi nkuuza pulogalamu kuti amutenge yense kapena amusiye yense. Mitambo ndi mafunde nazonso zimayenda, ndiye ma control point, timalo tofanana tija, akagwera pamenepo afufuteni, pa mitambo pali kabatani ka Celeste kochita zimenezo.

Zithunzi zakale zija musataye. Ngati munajambula mu RAW, mtundu wa fayilo imene kamera sinaikonze, zitseguleni zonse pamodzi, zipatseni white balance imodzi, kuwala kwake mukufananitse poyang'ana ndi maso, kenako zibwezereni mu Hugin muonenso thambolo.