Madimba anga anawasandutsa chithaphwi

Achimwene, mwati mukufuna kujambula minda pa OSM (OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kujambulapo ndi kukonza). Za mindazo musandiyambe, mpaka pano mtima umandiwawabe. Ine ndinajambula madimba a m'mbali mwa Shire kumunsi kwa Chikwawa, limodzilimodzi, momwe mukufunira kuchitira inumo. Ndinkayenda wapansi, foni m'manja, pulogalamu ya mapu ya OsmAnd ikulemba njira, dzuwa la Okutobala la kuchigwa lija mukulidziwa. Mayi wina anandithamangitsa ndi khasu poganiza kuti ndatumidwa kudzayeza malo ake, mpaka a nyakwawa anachita kundiperekeza n'kumauza anthu kuti mapu amenewa salanda munda wa munthu. Usiku ndili pa JOSM, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapuwa, magetsi akuthimathima, bandulo ikutha, ine ndikungoika zizindikiro zonena kuti pano ndi munda (landuse=farmland), wa chimanga (crop=maize), kwina mbatata, kwina nyemba.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndinaitana anyamata a kalabu ya ulimi kuti tione minda imene yakokoloka. Kutsegula mapu, madimba onse kulibe! Pamalo pake pali chinthu chimodzi chachikulu cholembedwa natural=wetland, kutanthauza chithaphwi, kuyambira kumsewu mpaka kumtsinje. Ndinayesa ndi netiweki, ndinatseka n'kutsegulanso, chimodzimodzi. Kupita pa History, pamene pamaoneka amene anasintha mapu, ndinapeza kuti munthu wina wakunja wafufuta zonse mu changeset imodzi (mtolo wa zosintha zimene munthu amatumiza nthawi imodzi), ati akuchotsa zinyalala. Zinyalala! Anyamata aja ataunjikana kumbuyo kwanga, mmodzi n'kufunsa kuti, "Nanga dimba la amayi anga lili pati apa?" Manja anga ankanjenjemera pa laputopu, malovu mkamwa atauma, ndinangoti tionane mawa.

Mkulu wakunjayo ankaona chithunzi cha kumwamba cha Bing chojambulidwa m'dzinja madzi atadzaza, basi iye n'kugamula. Sadziwa kuti madzi akaphwa anthu amatsikira momwemo n'kubzala pachinyontho, ndiponso kuti chimanga cha m'dimba ndi chimene chimapulumutsa mabanja chaka chimene cha kumtunda chapserera. Kwa iye munda ndi wofanana ndi wa nzimbe ku Nchalo, woongoka bwino, wooneka wokha kuchokera kumwamba. Nditamulembera anakhala chete nthawi yaitali, kenako n'kuyankha kuti pachithunzi sakuonapo mizere. Mizere uionere pansi pa madzi? Munthu sunapondeko ku Chikwawa, wakhala pampando wawofuwofu, ukufufuta thukuta la mnzako ndi chala chimodzi. Chimandinyansa kwambiri n'choti sanafunse n'komwe, pomwe malo olembera ndemanga alipo pa changeset iliyonse.

Ndiye inu musadzivutitse ndi kamunda kalikonse pakokha. Kumadimba malire amasuntha chaka ndi chaka madzi akasefukira, lero mwajambula bwino, chaka chamawa n'zabodza. Zungulizani chigawo chonse cholimidwa, mulekeze pamsewu ndi pamtsinje, koma musamatitse ma node (timadontho ta malire) a munda kumsewu, wina akadzasuntha msewuwo munda umapindika nawo. Muzifananitsa zithunzi za kumwamba za Bing ndi za Esri chifukwa kawirikawiri sizikhala za nyengo imodzi. Ikani source=survey posonyeza kuti munafikako nokha, mulembenso note yoti malowa amalimidwa m'chilimwe. Ma GPX anu, mafayilo a njira zimene foni inalemba, musataye, ndi umboni wanu. Mayina a eni minda musalembe ayi, mungayatse moto m'mudzi.

Wina akakufufutirani musapse mtima, mulembereni mwaulemu, mwinatu ndi wongoyamba kumene. Akakhala chete, JOSM ili ndi plugin ya reverter, kachida kobwezeretsera zimene wina wasintha. Anga aja ndinawabwezeretsa onse, dimba lililonse palokha monga analili, ndipo akadzawakhudzanso ameneyo ulemu sadzauona.