Mawu oti "vex": kubowa kapena kusautsa?

FUNSO: Akonzi, ine ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina kuno ku Dedza. Mwana wina wa Fomu 3 anandifunsa mawu oti "vexed" omwe anawapeza mu Baibulo la Chingerezi la agogo ake, nde ndinangomuuza kuti ndi Chingerezi chakale chonena munthu amene wina wamubowa. Koma mtima sukukhala pansi chifukwa mumafilimu a ku Nigeria ndimamvanso akuti "no vex". Ndi mawu omwewo? Nanga ana angawalembe mu chimangirizo? Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, simunamunamize mwanayo ayi, koma mwamupatsa mbali yopepuka yokha. Mawuwa kale anali olemera zedi. Anachokera ku Chilatini, "vexare", kutanthauza kugwedeza chinthu mwankhanza, kuchizunguza uku ndi uku osachipatsa mpata wopuma, ndipo analowa m'Chingerezi cha m'ma 1400 kudzera ku Chifalansa. Nde mukawapeza m'buku lakale musathamangire kuti ndi kubowa, nthawi zambiri mawu athu oyandikira ndi kusautsa kapena kusowetsa mtendere.

Baibulo la agogowo mwina ndi la King James la 1611, limenelo mawuwa ali mbwee. Muuzeni atsegule Oweruza 16:16, paja Delila anamukakamira Samsoni tsiku ndi tsiku kuti aulule pomwe pagona mphamvu zake, akuti moyo wake unali "vexed unto death". Apo si nkhani yoti munthu wangotopa ndi zolankhula za mkazi, ndi munthu amene wapanikizidwa mpaka kulakalaka imfa, nchifukwa chake anaulula. Ku Mlaliki kulinso "vexation of spirit", pomwe Buku Lopatulika lathu limati kungosautsa mtima. Ine ndimaona kuti omasulira aja anagwira mawu enieni pamenepo.

Shakespeare ndi amene amaonetsa bwino kugwedeza kuja. Mu sewero lake la The Tempest zilumba za Bermuda akuzitcha "still-vexed", kutanthauza kuti namondwe sazisiya, nyanja imangowinduka chaka chonse. Koma pamene pamandikhudza kwambiri ine ndi kumapeto kwa King Lear, mfumu yokalamba ija ikutsirizika mwana wake wamkazi Cordelia atafa kale, wina akuyesa kuidzutsa, ndiye Kent amene waitumikira nthawi yonseyi akuti "Vex not his ghost", ndiye kuti musiyeni apite, wazunzika mokwana. Tangoganizani mwana atamasulira kuti musabowe mzimu wake, chisoni chonse chija chathawa basi.

Pofika 1813 mawuwa anali atapepuka. Mu Pride and Prejudice ya Jane Austen, Mrs Bennet akudandaulira amuna awo kuti amasangalala ndi "vexing me", kamba koti bambowo akukana kukacheza kwa mnyamata wachuma amene wasamukira m'deralo pomwe iwo ali ndi ana aakazi asanu osakwatiwa. Apa nde kubowa kuja kwakwana, ndipo wolembayo anachitira dala, mayiwo amakonda mawu akuluakulu pa nkhani zazing'ono nde owerenga amawadziwa khalidwe lawo pongomva m'mene akuyankhulira. Ichi ndi chomwe ndikanakonda ana aphunzire, kuti asamangoloweza za mu dikishonale koma aziona kuti akuyankhulayo ndani ndipo chamuchitikira nchiyani.

Za ku Nigeria zija eya ndi mawu omwewo. Ku England kwa anthu ambiri amamveka achikale, koma mu Pidgin ya ku Nigeria, Chingerezi chosakanikirana ndi zilankhulo zakomweko, ali moyo ndithu ndipo kumeneko akutanthauza kukwiya, "no vex" ndi ngati kunena kuti pepani musakwiye. Ku Jamaica nakonso amawanena choncho. Kwina komwe sanafe ndi kukhoti, maloya ngakhale kuno kwathu mudzawamva akupempha jaji kuti athetse mlandu chifukwa ndi "frivolous and vexatious", mlandu wopanda mutu womwe munthu wasuma pongofuna kuzunza mnzake ndi kumuonongetsa ndalama. Ku England anachita kukhazikitsa lamulo mu 1896 lothana ndi anthu okonda kusumasuma chonchi.

Pa chimangirizo, aloleni alembe koma pamalo pake. Ngati akulemba nthano ya mayi amene ngongole ikumusowetsa tulo, kapena akuika mawu m'kamwa mwa munthu wachikulire wophunzira kale, "vexed" akhala bwino kwambiri. Palinso "vexed question", nkhani yomwe anthu akhala akukangana kwa nthawi yaitali osagwirizana, monga za malo kapena chilankhulo chophunzitsira m'makalasi oyambirira, imeneyo mu mtsutso imakwana ndipo manyuzipepala a Chingerezi amailembabe. Koma kalata yopita kwa mnzake yonena za mng'ono wake amene amamubera cholembera, auzeni angolemba "annoying" basi.