Funsani Amalume: Kodi malikisi a mowa a pa intaneti tiziwakhulupirira?

FUNSO: Amalume, ine ndimakonda kulawa mowa wosiyanasiyana, osati kuledzera ayi, kungofuna kudziwa kuti uwu ukoma bwanji, uwo ukoma bwanji. Mnzanga anandiikira apu ya Untappd mufoni ndiye tsiku lina ndinagula mowa umene anthu anaupatsa 4.3 pa 5, abale ndinalephera kuumaliza, wotsekemera ngati uchi komanso wolemera pakamwa. Pomwe lager imene ndimaikonda ine ili ndi ka 3 chabe. Ndiye vuto ndi lilime langa kapena manambala amenewa ngabodza? Ndamvanso za BeerAdvocate ndi RateBeer, odalirika ndi ati pamenepa? Wolawa wosokonezeka

YANKHO: Lilime lanu lili bwinobwino achimwene, musalinamizire mlandu. Manambalawo si abodzanso, kungoti akuyankha funso lina, losiyana ndi limene inu mukufunsa. Inu mukufunsa kuti kodi mowa uwu undikomera? Pomwe nambala ija ikukuuzani kuti anthu amene amacheza pa apu imeneyo, pa nthawi imene ankamwa, anasangalala nawo bwanji. Ndiye muyenera kudziwa kaye kuti anthuwo ndi ndani ndipo amachonga bwanji.

Wakale kwambiri pa mawebusaiti atatuwa ndi BeerAdvocate, anayambitsa ndi anthu awiri apachibale, Todd ndi Jason Alström, ku Boston mu 1996. Kumeneko munthu ukafuna kupereka malikisi mwadongosolo umachonga zinthu zisanu padera padera: maonekedwe, fungo, kukoma, mmene ukumvekera mkamwa, kenako maganizo ako pa mowa wonsewo. Zisanuzi sizilemera mofanana, kukoma kumatenga maperesenti 40, fungo 24, pomwe maonekedwe ndi 6 basi. Ndipo anthu ambiri kumeneko amalemba ndime yonse kufotokoza, mpaka kutchula kuti thovu linakhalitsa kapena linatha msanga.

RateBeer inabwera mu 2000, kachongedwe kake kofananako, fungo pa 10, maonekedwe pa 5, kukoma pa 10, mkamwa pa 5, maganizo ako pa mowa wonsewo pa 20, ndiye kuti zonse pamodzi 50, kenako nkugawa ndi 10. Chimene ndinkaikondera ine nchakuti inkapereka manambala awiri pa 100, ina yoyerekeza mowawo ndi mowa wina uliwonse padziko, ina youyerekeza ndi anzake a mtundu womwewo. Ndiye mumatha kupeza pilsner (mtundu wina wa lager) yooneka yotsika pa nambala yoyamba koma pa nambala yachiwiri ili kumwamba, kutanthauza kuti pakati pa ma pilsner anzake ndi katswiri. Ndikuti "ndinkaikondera" chifukwa kumapeto kwa 2024 eni ake analengeza kuti aitseka pa 1 February 2025, ndiye musaiwerengere kwambiri pa mowa watsopano.

Untappd yanuyo ndi mwana wa dzulodzuloli, ya 2010, anayambitsa ndi Greg Avola ndi Tim Mather, ndipo chiyambi chake sichinali kuchonga mowa kwenikweni, chinali kuuza anzako kuti ndili pakuti ndikumwa chakuti. Umajambula tambula, nkusuntha kachala kuyambira 0.25 mpaka 5, basi wamaliza, ngakhale osalemba liwu limodzi. Amaperekanso timabaji kwa munthu amene walawa mitundu yambiri, ndiye pali anthu amene amangopsontha kamodzi pa chionetsero cha mowa, mowa wa nambala 20 tsiku limenelo, lilime litatopa kale, nkupereka malikisi kuti baji ibwere. Malikisi amenewo amalowa mu avareji yomweyo imene inu munaiona.

Tsopano nkhani ya 4.3 yanu ija. Mukatsegula mndandanda wa mowa wapamwamba pa mawebusaiti onsewa muona chinthu chimodzi, pamwamba padzaza ma imperial stout (mowa wakuda waukali kwambiri), ambiri osungidwa m'migolo ya bourbon (wisiki wa ku America), a mphamvu yopitirira maperesenti 10, ndi ma double IPA (IPA ndi mowa wowawa wa fungo lamphamvu, double ndi waukali kwambiri) ngati Pliny the Elder wa ku California kapena Heady Topper wa ku Vermont. Lager simuiona, mungatsike mpaka chala kutopa. Kodi ndiye kuti padziko lonse palibe amene amafulula lager yabwino? Ayi ndithu, Pilsner Urquell akhala akuifulula ku Plzeň, mzinda wa ku Czech Republic, kuyambira 1842 ndipo ma lager oyera ambirimbiri anatengera kumeneko. Kungoti mowa waukali, wotsekemera, wa fungo lamphamvu umadabwitsa pa kupsontha koyamba, ndipo munthu wodabwa ndi amene amapereka 4.5. Lager yabwino sichita phokoso, umaimwa tambula yonse nkufuna ina, koma ukatenga foni umangoti "ili bho" nkuipatsa 3.25.

Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Mowa wosowa, woti munthu wafola pamzere maola atatu kapena wayenda ulendo wautali kuti aupeze, amene amaumwa ndi okhawo amene ankaufuna kale, ndipo munthu amene wavutikira chinthu chonchi savomera wamba kuti sichikukoma. Pomwe mowa wopezeka pena paliponse umamwedwa ndi aliyense, kuphatikiza amene amadana ndi mtundu umenewo, moti mumapeza wina walemba kuti "sindikonda mowa wowawasa" kenako nkuupatsa 1 mowa umene anaufulula dala kuti ukhale wowawasa. Nanga anaugulira chiyani? Kaya. Koma 1 wakeyo wawerengedwa.

Ndiye odalirika ndi ati? Ine ndikafuna kudziwa kuti mowa ukumveka bwanji ndimapita pa BeerAdvocate nkuwerenga zimene anthu alemba, nambala ndimaiona pomaliza. Ndikafuna kudziwa ngati mowa wa kampani yaing'ono uliko ndithu komanso ngati anthu aumwa posachedwa, Untappd imaposa chifukwa kuli chigulu cha anthu. Koma kulikonseko yerekezani lager ndi lager inzake, stout ndi stout inzake, lager ya 3.7 pa Untappd ikhoza kukhala chinthu chapamwamba zedi pomwe imperial stout ya 3.7 ndi yongoyesera. Ndipo mukapeza munthu mmodzi kapena awiri amene malikisi awo pa mowa umene mukuudziwa akugwirizana ndi anu, atsatireni amenewo, akuthandizani kuposa avareji ya anthu 50,000 osawadziwa.

FUNSO: Amalume ndinamva kuti webusaiti ina ya malikisi inagulidwa ndi kampani yaikulu yofulula mowa, zoona? Ngati zili choncho si ndiye kuti mphunzitsi akuchonga mayeso a mwana wake yemwe? Mayi wokayikira

YANKHO: Munamva zoona mayi. Ndi RateBeer yomwe ija. Nthambi ya AB InBev yotchedwa ZX Ventures inagulako gawo mu 2016 koma anthu anadziwa mu June 2017, patapita miyezi, ndipo kubisa kumeneko nkumene kunakwiyitsa anthu kwambiri. AB InBev ndi kampani yaikulu kuposa zonse zofulula mowa padziko, eni ake a Budweiser ndi Stella Artois, ndiye makampani ang'onoang'ono angapo, kuphatikiza Dogfish Head ya ku America, anapempha kuti mowa wawo uchotsedwe pa webusaitiyo. Mu 2019 AB InBev inagula yonse.

Koma tinene chilungamo, mowa wotchuka wa kampaniyo sunakwere mwadzidzidzi kukakhala pamwamba pa mndandanda, anthu a pa RateBeer anapitiriza kuupatsa malikisi otsika ngati kale. Ine ndimaona kuti chuma chenicheni pa webusaiti yotere si malikisi, ndi kudziwa kuti anthu akumwa chiyani, kuti, ndipo akuyamba kukonda mtundu uti, zimenezo kwa kampani yogulitsa mowa ndi golide. Dziwaninso kuti Untappd ndi BeerAdvocate masiku ano ndi za nyumba imodzi, kampani ya Next Glass inagwirizana ndi Untappd mu 2016 nkutenganso BeerAdvocate mu 2020, ndipo Untappd imapanga ndalama pogulitsa mapulogalamu kwa mabala ndi makampani a mowa. Sindikuti akuba malikisi, ndikungoti si bungwe la chifundo.

Chinyengo chimene ine ndimachiopa nchaching'ono kuposa pamenepo. Kampani yatsopano yatulutsa mowa, mwini wake, mlamu wake ndi anzake a mpira onse apereka 5. Kapena kampani yalankhula zimene zakwiyitsa anthu pa Facebook, anthu oti sanaulawepo nkomwe nkukhamukira kukaupatsa malikisi otsikitsitsa. Mawebusaitiwa amayesa kuteteza pogwiritsa ntchito masamu oti mowa ukakhala ndi malikisi ochepa, nambala yake imakokeredwa chapakati mpaka anthu atachuluka. Zimathandizako, komabe mukaona 4.6 yochokera kwa anthu 15, dikirani kaye.

FUNSO: Ine ndinagula IPA imene aliyense pa intaneti akuti imanunkhira zipatso, koma yanga imamveka ngati katoni yonyowa. Andigulitsa yabodza? Mphwanu wokhumudwa

YANKHO: Mwina si yabodza mphwanga, yangokalamba. Tayang'anani deti pansi pa chitini. Fungo la hops, maluwa amene amathira mu mowa kuti uzinunkhira komanso uziwawa, limathawa msanga, pakangopita miyezi ingapo, makamaka mowa ukakhala pamalo otentha, ndipo mpweya ukalowerera umabweretsa kakomedwe ka katoni kameneko. Amene analemba za zipatso aja mwina anamwera pafupi ndi pamene amafululira, mowa uli ndi sabata imodzi. Botolo lobiriwira kapena loyera likakhala padzuwa limabweretsa vuto linanso, kuwala kumasokoneza zowawa za hops nkutulutsa fungo ngati la kanyimbi, nchifukwa chake botolo la bulawuni ndi chitini zimateteza bwino. Apu sidziwa zonsezi, dzina likakhala limodzi imaika malikisi onse m'thumba limodzi.

FUNSO: Amalume, mowa wina uli ndi chizindikiro cha mendulo ya golide pa botolo koma pa apu uli ndi 3.4 yokha. Ndikhulupirire majaji kapena anthu? Wowerenga wanu wa nthawi zonse

YANKHO: Apa ndiye mwafunsa funso limene ndimalikonda. Pa mipikisano ikuluikulu ngati World Beer Cup, imene inayamba mu 1996, kapena Great American Beer Festival, majaji amalawa osaona botolo, sadziwa kuti wafulula ndani, ndipo amauyeza potengera malamulo a mtundu wake, kuti kodi iyi ndi pilsner yoyenera kutchedwa pilsner? Kulinso bungwe la BJCP limene lakhala likuyesa majaji mayeso kuyambira 1985, pepala lawo lochongera ndi la malikisi 50, kukoma 20, fungo 12. Ndiye mowa wofatsa koma wopanda cholakwika ukhoza kutenga golide kwinaku pa apu anthu akuuyasamulira.

Kusaona botolo kumeneko musakupeputse. Mu 1964 akatswiri awiri, Allison ndi Uhl, anapatsa anthu omwa mowa mabotolo opanda malebulo, ndipo anthuwo analephera kuzindikira ngakhale mowa umene ankati ndi wawo wa pamtima, koma malebulo atabwezeretsedwa malikisi anakwera. Pa apu aliyense amaona lebulo, amaona dzina, ndipo choipa kwambiri amaona malikisi a anzake asanapereke ake. Kumbukirani zimene zinachitikira Westvleteren 12, mowa wa amonke a ku Sint-Sixtus ku Belgium. RateBeer itautchula kuti ndi mowa wabwino koposa padziko mu 2005, magalimoto anadzaza msewu wopita kunyumba ya amonkewo, eni ake osafuna nkomwe kuchulukitsa mowa. Mowawo ngwabwino ndithu, sindikutsutsa, koma munthu amene wauzidwa kuti ukumwa nambala wani padziko lonse angalimbe mtima kuupatsa 3.5?

Majaji nawonso ali ndi malire awo. Amaweruza mowa okhawo umene watumizidwa, ndipo kutumiza kumafuna ndalama, ndiye mowa wabwino wambiri sufika nkomwe patebulo lawo. Komanso mipikisano ina ing'onoing'ono imagawa mamendulo ngati maswiti, choncho werengani timalemba tating'ono pa lebulopo, mpikisano wake uti, chaka chiti, gulu liti. Mendulo ya 2015 siikuuzani zambiri za botolo la chaka chino.

Ngati mukufuna kudziyesa nokha, pemphani wina akuthirireni mowa wa menduloyo ndi wina wa mtundu womwewo umene uli ndi malikisi okwera pa apu, m'matambula ofanana, inu musaone kuti uwu ndi uti, pang'onopang'ono basi, theka la tambula likwana. Lembani malikisi anu papepala musanafunse mayina. Mukatero mudzandilembere, ndikufuna ndidziwe kuti lilime lanu linavotera majaji kapena apu.