Musanakongole za kabyuleta, ndionetseni kope lanu

"Ndimakhala ku Mbare, mu Harare. Ndinagula njinga yamoto yakale ya injini ya 125cc kuti ndizinyamulira anthu katundu kuchokera ku Musika kupita m'tauni ndi ku Highfield. Masiku ano ikumwa petulo kwambiri, m'mawa imavuta kulira, ndipo ikumazima pa maloboti. Makaniko wina ku Magaba akuti ndigule kabyuleta watsopano. Kodi nditenge madola 40 kwa wakatapila, ndidzabweze 52 pakutha pa mwezi?"

Ayi, achimwene. Katapila, amene kuno amati chimbadzo, musamuyandikire chifukwa cha kabyuleta, chitsulo chosakaniza petulo ndi mpweya, chimene mwina sichinafe n'komwe. Nkhani ya ngongole yathera pomwepo.

Chimene chandiimitsa m'kalata yanu ndi mawu akuti "ikumwa kwambiri". Kwambiri bwanji? Lita imodzi ikukufikitsani makilomita angati? Mwezi umene munaigula inkakufikitsani angati? Ndikudziwa kale kuti simudziwa, chifukwa makalata otere ndawerenga ambirimbiri, ndipo onse amafanana: munthu amathira wa madola atatu m'mawa, wa awiri masana, risiti n'kuisiya pa pampu pomwepo. Kenaka amapita kwa makaniko chimanjamanja, ali ndi dandaulo lokha. Makaniko amene ali ndi kabyuleta pa shelefu adzakuuzani kuti vuto ndi kabyuleta. Sindikumunena, nayenso ana ake amadya.

Tiwerenge mwachisawawa. Njinga ya 125 yosamalidwa imayenda makilomita 35 kapena kuposa pa lita. Tinene kuti yanu yatsika kufika pa 25, ndipo mumayenda 100 patsiku. Ndiye kuti mukutaya lita ndi kanthu tsiku lililonse. Lita tiiike pa dola ndi hafu, masiku 26 ogwira ntchito, mwataya madola opitirira 40 pamwezi. Ndalama imene mukufuna kukongolayo mukuiwotcha kale mwezi uliwonse, koma simukuiona chifukwa imachoka pang'onopang'ono.

Masulani pulagi muione kumapeto kwake. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo akuchuluka kuposa mpweya. Ikakhala yoyera mbuu, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha. Yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Yakudayo nthawi zambiri imayambira pa fyuluta ya mpweya. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala la ku Musika limatseka siponji ija, injini n'kumabanika. Ichapeni, iume, muidonthezere oyilo pang'ono, mufinye. Kumbukiraninso kuti Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mpweya ndi wopepuka kale, ndipo njinga yotchunidwa kumalo otsika imamwa mopitirira ikafika kuno. Petulo wathunso ndi wosakaniza ndi ethanol, amene amakoka chinyezi. Masulani kasikuluu ka pansi pa kabakuli ka kabyuleta, mutayire zotulukazo m'botolo loonekera. Mukaona madontho a madzi ndi tinyenyeswa ta dzimbiri, mwapeza chozimitsa njinga pa maloboti. Majeti, timachubu todutsa petulo m'kabyuleta, atsukidwe ndi kupemereredwa, osati kutokosa ndi waya, chifukwa bowo likakula silibwereranso. Sikuluu yotchunira kusakanizika kwa petulo ndi mpweya ikhale yomaliza, injini itatentha, mavavu atayezedwa, ndipo muwerenge kuti mwaipotokola kangati musanaiwale pamene inali.

Zonsezi mtengo wake ndi pulagi imodzi ndi ganyu ya makaniko.

Tsono kope. Gulani laling'ono lolowa m'thumba la jekete, mumangirire bolopeni. Dzazani tanki, lembani nambala ya makilomita, mukadzazanso lembani malita. Lembaninso tsiku losintha oyilo, chifukwa injini zazing'onozi zimatenga pafupifupi lita imodzi yokha ndipo oyiloyo sayenera kupitirira makilomita 2,000 pa ntchito ngati yanuyi. Madola awiri patsiku akhale a njinga, m'chitini chake, asanafike a ndiwo.

Ndipo m'kope lomwelo muzilemba amene waitenga. Simunatchule, koma alipo mlamu amene amaibwereka Lamlungu kupita ku Epworth, atakweza awiri ndi thumba la ufa, n'kuibweza tanki ikulira ngati ng'oma. Kumukaniza n'kovuta, ndikudziwa. Muzimuonetsa nambala asananyamuke ndi pobwera, kenaka mumuuze mwaulemu malita ake.