Kugulitsa zipangizo zachipatala kwa okalamba a pa Medicare ku America: muyambire pati?

Mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Indiana wandilembera kalata. Akuti kwa zaka zingapo wakhala akusamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo amaona magalimoto akubweretsa njinga za olumala, mabedi a kuchipatala ndi makina a okosijeni zomwe boma limalipira. Akufunsa zinthu zitatu: angayambe bwanji bizinesi yotereyi, kodi angayambire m'galaja ya pakhomo pake, ndipo boma lingayambe kumulipira liti.

Mayi, zikomo polemba. Za galaja ndiyankhe msangamsanga: nthawi zambiri ayi. Medicare, inshuwalansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi ena olumala, imayendetsedwa ndi nthambi yotchedwa CMS, ndipo nthambiyi ili ndi malamulo 30 omwe wogulitsa zipangizozi ayenera kukwaniritsa. Malo anu akhale osachepera masikweya fiti 200, okhala ndi chikwangwani chooneka, maola ogwirira ntchito olembedwa pakhomo, otsegula maola osachepera 30 pa sabata, komanso foni ya bizinesi, osati ya m'manja yokha. Woyendera amabwera osakuuzani. Akapeza pakhomo potseka m'maola omwe munalemba kuti mumakhala mutatsegula, zimenezo zokha zikhoza kukulepheretsani.

Dongosolo lake limayenda chonchi. Mulembetse kampani, mutenge ziphaso zomwe boma la Indiana limafuna pa zipangizo zomwe mwasankha, kenako nambala yozindikiritsa opereka chithandizo cha zaumoyo yotchedwa NPI, yomwe ndi yaulere. Mukatero mupemphe chivomerezo ku limodzi la mabungwe omwe CMS inawapatsa mphamvu, monga ACHC, The Joint Commission kapena CHAP. Iwowa amakulipiritsani, amawerenga ndondomeko zanu zolembedwa, n'kubwera kudzaona mmene mumasungira katundu, mmene mumatsukira chipangizo chomwe chabwerera kuchokera kwa wodwala wina, mmene mumaphunzitsira wodwala kuchigwiritsa ntchito, ndi mmene mumalandirira madandaulo. Chivomerezocho chimapita ndi mtundu wa katundu. Akakuvomerezani pa ndodo ndi njinga, sizitanthauza kuti mwaloledwanso okosijeni.

Pakufunikanso inshuwalansi ya ngozi ya madola osachepera 300,000, ndi chikole cha madola 50,000 pa malo alionse omwe mwatsegula. Chikolechi chimaopsa ambiri pachabe. Simupereka ndalama yonseyo. Mumalipira kampani ya chikole kagawo kochepa chaka ndi chaka, malinga ndi mbiri yanu ya ngongole. Koma Medicare ikadzafuna kubwezeredwa ndalama inu n'kulephera, kampaniyo imalipira kenako imakutsatirani inuyo. Zonsezi zikakwana ndiye mudzaze fomu ya CMS-855S, kapena pa intaneti kudzera pa PECOS, tsamba lolembetserapo la CMS, mulipire madola opitirira 700, ndipo aliyense wokhala ndi gawo la 5 peresenti kapena kuposa mu kampaniyo ajambulitse zidindo za zala. Kuyambira mu Novembala 2022 mafomuwa amapita ku makampani omwe CMS inawapatsa ntchitoyi, Novitas Solutions kapena Palmetto GBA, kutengera dera lomwe muli. Musanawononge dola imodzi, yang'anani pa tsamba la CMS ngati kulembetsa kwa ogulitsa atsopano kuli kotsegula, chifukwa lamulo limawalola kuimitsa kaye akaona kuti chinyengo chachuluka.

Funso lanu lachitatu ndi lomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri amagwera pamenepa atapeza kale nambala yolipiritsira Medicare. Medicare sigula katundu wanu momwe amagulira munthu pa sitolo. Imalipira 80 peresenti ya mtengo womwe inaika yokha, ina 20 yotsalayo n'kukhala ya wodwala kapena inshuwalansi yake yachiwiri. Zipangizo zambiri zodula, monga bedi la kuchipatala ndi makina a CPAP othandiza kupuma pogona, imazilipira ngati lendi kwa miyezi 13, kenako chipangizocho chimakhala cha wodwala. Okosijeni ndi miyezi 36. Tsono taganizani: bedi mwaligula lero ndi ndalama zanu zonse, mwalipira mafuta ndi wolinyamula, koma ndalama ibwera pang'onopang'ono kwa chaka ndi mwezi. Uku lendi ya malo ikuyenda kuyambira miyezi ija munali kudikira woyendera. Amene alibe ndalama yopumira, bizinesi imamufera m'manja makasitomala alipo.

Ndipo chimene chimatulutsa ndalama ndi pepala la dokotala. Pakhale chilolezo cholembedwa ndi dokotala, pakhale zolemba za m'faelo ya wodwala zosonyeza chifukwa chake akufunikira chipangizocho, pakhale umboni wosainidwa woti katundu anafika. Pa njinga zoyendera batire, wodwala ayenera kuti anaonana ndi dokotala kaye, ndipo zambiri zimafuna kuti Medicare ivomereze musanapereke. Mapepalawa muwasunge zaka 7. Angathe kukulipirani lero, n'kudzabwera patapita zaka ziwiri kudzafufuza, ndipo akapeza kuti dokotala sanalembe mokwanira amalanda ndalamayo ngakhale agogowo njingayo akuyendera tsiku ndi tsiku. Apa, mayi, ndi pamene ntchito yanu ya panopa ikuthandizeni. Mukudziwa kusiyanitsa wokalamba wofunika ndodo ndi wofunika njinga, ndipo mukudziwa kulankhula ndi anamwino. Ambiri oyamba bizinesiyi zimenezo alibe.

Pali zinthu zina zomwe kwathu timazitenga ngati ulemu koma kumeneko ndi mlandu. Kupereka ya fanta kwa namwino kapena dokotala chifukwa wakutumizirani wodwala ndi mlandu waukulu wa boma. Kukhululukira aliyense 20 peresenti ija pofuna kukopa anthu nakonso n'koletsedwa, kupatula pamene mwatsimikiza n'kulemba kuti munthuyo alibedi. Kuimbira foni okalamba omwe sanakupempheni n'koletsedwanso. Mu Epulo 2019 boma linaimba anthu 24 mlandu womwe linautcha Operation Brace Yourself, wokhudza malamba a msana ndi mawondo omwe ankatumizidwa kwa okalamba osawafuna, ndipo ndalama zake zinaposa madola 1.2 biliyoni. Ndikukupemphani ndi mtima wonse: wina akadzabwera nati mungoika dzina lanu pa kampani, zina zonse achita yekha, mukane. Wosaina fomu ndi amene amayankha kukhoti.

Dziwaninso kuti oposa theka la anthu a pa Medicare tsopano ali pa Medicare Advantage, yomwe imayendetsedwa ndi makampani monga Humana ndi UnitedHealthcare. Nambala yanu siyikutsegulirani khomo kumeneko. Kampani iliyonse mupangana nayo payokha, ndipo Medicaid ya Indiana, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa, nayonso ili ndi kulembetsa kwake.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndapeza ntchito ku ofesi yolipiritsa ya kampani yomwe ikuchita kale zimenezi, ngakhale kwa chaka chimodzi, kuti ndione ndi maso anga zomwe Medicare imakana ndi zifukwa zake. Potsegula yanu, sankhani mitundu iwiri kapena itatu ya katundu wosavuta, monga ndodo, zoyendera za miyendo inayi ndi njinga wamba. Okosijeni adikire kaye, chifukwa amafuna munthu woyankha foni usiku ndi usana.